Kuchokera ku Chirimba Mpaka Kuseri kwa Mzikiti Wathu



Amene mudakwerapo minibasi kuchoka m'tauni ya Blantyre kulowera ku Lunzu, mukukudziwa ku Mbayani. Mukangotuluka m'tauni potsata msewu wa Zalewa, nyumba zothithikana zimene mumaziona zitakakamira pamtunda zija, ndiye kwathu kuno. Kutsogolo pang'ono kuli Chemusa, kenaka Chirimba. Kuno n'kumene timaphunzitsa madrasa masana alionse ana akaweruka ku sukulu, ndipo ambiri mwa anawo ndi anu omwe, a ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota, amene mudawatumiza kwa amalume awo kuti adzaphunzire m'tauni.

Tsiku lina titangoswali Asr tidamva phokoso kuseri kwa mzikiti. Tidapeza anyamata anayi atamuzungulira mnzawo wa zaka 12, iye akulira, kofia ili pansi. Mwanayu ndi wofatsa, mawu ake ndi aang'ono, ndipo m'mawa amathandiza azakhali ake kukazinga mandasi. Mlandu wake udali womwewo basi. Anzakewo ankamuitana kuti "Anti Tiwo". Titawafunsa kuti Tiwoyo ndani, palibe ndi mmodzi yemwe adayankha. Onsewo adabadwa nkhani ya Tiwo itatha kale. Dzinalo adangolitola pamsewu ngati mwala wogendera mnzawo.

Tidaganiza zolemba nkhaniyi tsiku lomwelo. Si nkhani imene makolo athu ankaikamba pamphasa ana ali pomwepo, ndipo tikudziwa kuti ena muchita manyazi poiona m'magazini ya pabanja. Koma idalowa kale m'nyumba zathu kudzera pa wailesi, pa foni ndi pa zikwangwani za pamsewu. Ife tikapanda kuwafotokozera ana, awafotokozera anzawo a kuseri kwa mzikiti.

Chinkhoswe cha ku Chirimba

Pa 26 Disembala 2009, pa malo ogona alendo otchedwa Mankhoma Lodge ku Chirimba, mtunda woti munthu angayende wapansi kuchoka pano, padachitika chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga. Tiwonge adabadwa mwamuna koma amadziona kuti ndi mkazi, amavala zachikazi, ndipo anthu ankamutcha Anti Tiwo. Anthu adakhamukirako, ambiri kukangoonerera. Nyuzipepala itaitulutsa nkhaniyi, apolisi adawagwira awiriwo pa 28 Disembala ndipo adakawasunga ku ndende ya Chichiri. Belo adawakaniza. Masiku a mlandu anthu ankadzaza pa khoti la majisitireti mu Blantyre muno, kukuwiza ndi kuseka. Ife tidali anyamata nthawi imeneyo, ndipo tisaname, kusekako tidaseka nawo.

Pa 20 Meyi 2010 woweruza Nyakwawa Usiwa Usiwa adawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, chilango chomaliza chimene lamulo limalola. Patangotha masiku 9, pa 29 Meyi, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ku Lilongwe ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon. Bingu adanenetsa kuti wachita zimenezi mwachifundo chabe, osati chifukwa chogwirizana ndi zimene awiriwo adachita. Tiwonge sadathenso kukhala mwamtendere kuno kumudzi, ndipo adathawira ku South Africa.

Mlanduwo uli mkati, kumayambiriro kwa 2010, mnyamata wina wa zaka 21 adagwidwa mu Blantyre momwemuno akumata mapepala m'mbali mwa msewu. Mapepalawo ankanena kuti ufulu wa anthu oterewa nawo ndi ufulu wachibadwidwe. Chionetsero chake chidali cha munthu mmodzi yekha, koma kuyambira pamenepo nkhaniyi sidachokenso pamsewu.

Lamulo limene akulimbirana

Pano tiyenera kumvetsetsana, chifukwa ambiri timakangana za lamulo limene sitidaliwerengepo. Buku la milandu ndi zilango zake, limene limatchedwa Penal Code, lidabwera ndi Angerezi ndipo lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1930, dziko lino likadali Nyasaland. Ndime 153 imapereka zaka 14 kwa wopezeka atachita mchitidwewu, ndime 154 zaka 7 kwa woyesera, ndipo ndime 156 zaka 5 kwa amuna ochita zonyansa okhaokha. Akazi sadali m'lamuloli kufikira aphungu ataonjezera ndime 137A mu Disembala 2010, imene Bingu adaisainira mu 2011. Chilango chake ndi zaka 5. Tidamvapo akuluakulu ena pamaliro akunena kuti malamulowa ndi a Sharia. Ayi ndithu, adawalemba ndi atsamunda, ndipo mudzawapeza ofanana nawo ku Zambia, ku Kenya ndi ku Uganda.

Chiyambire pamenepo boma lakhala likuyenda chambuyo ndi chamtsogolo. Mu Meyi 2012 Pulezidenti Joyce Banda adauza Nyumba ya Malamulo kuti akufuna malamulowa achotsedwe, koma sizidachitike. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zachilungamo Ralph Kasambara idanena kuti apolisi asiye kaye kumanga anthu pa milanduyi. Mu Disembala 2015 nduna ina, Samuel Tembenu, idabwereza zomwezo amuna awiri atagwidwa ku Lilongwe. Kenaka mu Febuluwale 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu lidaimitsa ganizolo abusa ena atakadandaula. Anthu wamba adangosokonezeka, osadziwa ngati lamulolo lilipo kapena lidafa.

A ndale nawo adaipeza nkhaniyi kukhala chibonga chabwino. Mukukumbukira zionetsero za pa 20 Julaye 2011, pamene anthu 20 adafa? Anthu adatuluka chifukwa cha kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi ulamuliro wankhanza, koma a mbali ya boma ankafalitsa kuti otsogolerawo akungofuna maukwati a amuna okhaokha. Chenjerani, abale, pamene wandale wayamba mwadzidzidzi kukulalikirani za makhalidwe abwino pampu ya petulo itauma.

Amene amaguba kufuna kusintha

Mwambo woguba pamsewu pa nkhaniyi udayambira ku New York. Mu Juni 1969 apolisi adathira nkhondo pa malo omwera otchedwa Stonewall Inn, anthu adabwezera, ndipo chaka chotsatira adaguba pokumbukira tsikulo. N'chifukwa chake zionetsero zotere zimachulukira mwezi wa Juni. Mu Africa muno zidayambira ku Johannesburg pa 13 Okutobala 1990, motsogozedwa ndi Simon Nkoli, amenenso adamangidwapo polimbana ndi tsankho la azungu. South Africa idavomereza maukwati oterewa mu 2006, ndipo ana anu amene ali ku Joni amaziona ndi maso. Tsidya la malire a Makanjira, Mozambique idachotsa chilango pa mchitidwewu mu 2015, ngakhale maukwati sidawalole. Botswana idachotsa kudzera m'khoti mu 2019. Uganda idalowera kwina, kukhwimitsa lamulo lake mu 2023.

Kuno kwathu mabungwe amene akhala patsogolo ndi Centre for the Development of People, limene amalitcha CEDEP, lotsogozedwa ndi Gift Trapence, komanso Centre for Human Rights and Rehabilitation. Mu Blantyre muno mulinso Nyasa Rainbow Alliance, limene mtsogoleri wake Eric Sambisa adadziulula yekha pa kanema wa Times mu 2016, ndipo boma lidakana kulilembetsa m'kaundula. Bungwe limeneli ndilo lidakonza kuguba koyamba kwa mtunduwu m'Malawi, ku Lilongwe pa 26 Juni 2021. Adali anthu makumi ochepa chabe, ambiri atabisa nkhope ndi zotchinga pakamwa za nthawi ya Covid-19, ndipo adakapereka chikalata chawo ku khonsolo ya mzinda.

Kodi amapempha chiyani? Tinene monga eni ake amanenera, chifukwa kunamizira munthu amene sukugwirizana naye ndi bodza ndithu. Amati malamulo aja achotsedwe popeza ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko imaletsa tsankho. Amati akamenyedwa kapena kuberedwa amaopa kupita ku polisi, kuopa kuti wodandaula asanduka woimbidwa mlandu. Amati eni nyumba amawathamangitsa, ndipo anthu ena amawaopseza kuti awaulula akapanda kuwapatsa ndalama. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba madandaulo otere mu lipoti lake la 2018. Amatinso amaopa chipatala. Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza ngakhale banja limene likuganiza kuti silikukhudzidwa. Kafukufuku amene adachitika mu 2008 pakati pa amuna oterewa m'dziko muno adapeza kuti 21 mwa 100 alionse adali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri adalinso ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi. Mwamuna akaopa kukayezetsa, amene amadzalipira ndi mayi wosalakwa ndi khanda lake.

Tsiku limene nafenso tidaguba

Mbali inayo nayo idatuluka, ndipo inkatuluka mwaunyinji. Pa 6 Disembala 2016 mipingo idatsogolera kuguba kokana kuchotsa mimba ndi maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 13 Julaye 2023 anthu zikwizikwi adadzazanso misewu ya Blantyre ndi mizinda ina. Patsogolo padali Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa wa mpingo wa Katolika, amenenso kwawo ndi ku Mangochi, atsogoleri a mipingo ina, ndi mashehe a Muslim Association of Malawi. Ife tidali nawo. Tidatsika ku Mbayani m'mawa ndi makanzu athu oyera, ndipo kudali kokoma kuona kofia ndi kolala ya abusa zikuyendera limodzi popanda wotukwana chipembedzo cha mnzake.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chidatisautsa pobwerera. M'minibasi tidafunsa anzathu angapo chimene tidagubira. Onse adayankha kuti boma likufuna kulola amuna kukwatirana, ndipo wina adaonjeza kuti mashehe azikakamizidwa kumanga nikahi zotere mumzikiti. Izi sizidali choncho. Chimene chidali m'khoti ndi mlandu wa anthu awiri, Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani wa ku Mangochi, amene adapempha khoti kuti liunike ngati ndime zija zikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Gonani, amene adabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi, adali atalamulidwa kale ndi khoti la ku Mangochi mu Disembala 2021 kukakhala kundende zaka 8. Funso lidali la ndende, osati la ukwati. Za ukwati lamulo la 2015 lidanena kale kuti ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo silidali pa mlandu.

Wina anganene kuti zonsezi ndi njira imodzi, ukatsegula chitseko choyamba chachiwiri chitseguka chokha. Atsogoleri athu ambiri amaganiza motero, ndipo ali ndi zitsanzo za maiko ena zoti aloze. Chabwino. Koma munthu azidziwa chimene wanyamulira chikwangwani. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, Joseph Chigona, Chimbizgani Kacheche ndi Vikochi Chima, adakana pempho la awiriwo. Malamulo aja adatsala momwe adaliri, ndipo khoti lidati wofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Tsono nkhaniyi sidathe, idangosamukira kwa aphungu, ndipo zikwangwani za mbali zonse ziwiri tidzazionanso.

Ndime 38 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Ndime imeneyi ndiyo idatiteteza ife pa 13 Julaye, ndipo ndi yomweyo imene idateteza anthu ochepa aja ku Lilongwe. Ife Asilamu ndife ochepa m'dziko muno. Tikukumbukira mkangano wa hijabu ku Balaka mu 2019, ana athu aakazi akubwezedwa pachipata cha sukulu, ndi momwe tidadalira malamulo omwewa kufikira mgwirizano wa 2021. Munthu wochepa asamafulumire kuwombera m'manja pamene ambiri akutseka pakamwa ochepa ena.

Zimene deeni yathu imanena, zonse osati theka

Sitikubisa mawu. Mu Chisilamu nikahi ndi ya mwamuna ndi mkazi, ndipo kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi haramu, monga chilili chiwerewere china chilichonse kunja kwa nikahi. Nkhani ya Mneneri Lut (a.s.) ndi anthu ake ili mu Surat Al-A'raf, Surat Hud ndi masura ena, ndipo madhihabu onse anayi amagwirizana pa kuletsedwa kwake. Palibe chionetsero kapena chigamulo cha khoti chimene chingasinthe zimene timaphunzitsa pa madrasa.

Komatu Qur'an yomweyo ili ndi masamba ena amene sitimawatsegula kawirikawiri tikapsa mtima. Surat Al-Hujurat, sura yaifupi ya ndime 18, imaletsa kusekana, kuitanana maina achipongwe, kuganizirana zoipa, kufufuza zobisika za anthu ndi miseche, ndipo imalamula kuti nkhani ikabwera tiyambe taifufuza tisanapweteke anthu mosadziwa. Surat An-Nur imafuna mboni zinayi zoona ndi maso pa mlandu wa chiwerewere, ndipo wonamizira mnzake popanda mbonizo chilango chake ndi zikoti 80, umboni wake osalandiridwanso. Taganizani, abale: pa milandu yonse imene timaiweruza pa chigayo ndi pa WhatsApp, ndi ingati imene ili ndi mboni ngakhale imodzi? Mwa Sharia, woyamba kukwapulidwa akadakhala wofalitsayo.

Maulama amafotokoza za Khalifa Umar (r.a.) kuti usiku wina adakwera mpanda nampeza munthu akumwa mowa m'nyumba mwake. Munthuyo adamukumbutsa kuti iye walakwa kamodzi koma Khalifa walakwa katatu: wafufuza zobisika, sadalowere pakhomo, ndipo sadapemphe chilolezo. Umar adamusiya. Amatiphunzitsanso kusiyanitsa chimene munthu akumva mumtima ndi chimene wachita. Allah saimba munthu mlandu pa chilakolako chimene akulimbana nacho osachichita. Ndipo chilango chilichonse ndi ntchito ya wolamula ndi woweruza, osati gulu la anyamata onyamula miyala.

Tikunena izi chifukwa mawu akupha adamvekapo m'dziko muno. Mu Januwale 2016 Ken Msonda, amene adali wolankhulira chipani cha People's Party, adanena poyera kuti anthu oterewa aphedwe. Mabungwe adamutengera ku khoti koma boma lidauthetsa mlanduwo. Ngakhale pakati pathu Asilamu mawu otere adatulukapo. Wolankhula amabwerera kunyumba kwake kukagona, koma mawu ake amatsala ndi mnyamata wa pa siteji amene sadziwa fiqh ngakhale tsamba limodzi. Ku South Africa, pa 15 Febuluwale 2025, Muhsin Hendricks, imamu amene adadziulula kuti ndi mmodzi wa anthu oterewa, adaomberedwa m'galimoto ku Gqeberha. Bungwe la Muslim Judicial Council, limene lidatsutsana ndi ziphunzitso zake zaka zambiri, lidadzudzula kuphedwa kwakeko poyera. Adaonetsa kuti kukana chiphunzitso cha munthu ndi kuteteza magazi ake zimatheka pakamwa pamodzi.

Inu a ku Mangochi simufunika kuuzidwa momwe gulu lokwiya limatayira njira. Mu Juni 2003, anthu asanu atagwidwa mu Blantyre ndi kutulutsidwa m'dziko powaganizira za Al-Qaeda, mkwiyo wathu udali ndi chifukwa chomveka, ndipo anthuwo adadzamasulidwa popanda mlandu. Koma amene adaphwanyiridwa mawindo adali matchalitchi a anansi athu, ndipo manyazi ake tidawasenza zaka zambiri.

Likafika pakhomo pako

Zonsezi n'zosavuta kulemba pamene nkhani ili ya mwana wa eni. Chaka chatha mayi wina wa kunyanja adatiimbira foni usiku. Mwana wake wa zaka 24, amene ankachita lendi kuno, adamuthamangitsa pa nyumba chifukwa cha mphekesera, katundu atamutayira panja mvula ikugwa. Bambo ake adalumbira kuti asadzapondenso pamudzi. Mayiyo sadatifunse za ndime 153 kapena za khoti. Adangoti, "Mwalimu, kodi ndikamutumizira ufa ndachimwa?"

Tidawayankha kuti, "Mayi, tumizani ufawo, ndipo muikemonso usipa." Kudula chibale ndi tchimo lalikulu lodziwika, pamene mlandu wa mwanayo palibe adauona ndi maso. Ndipo ngakhale zikadakhala zoona, sitidapeze m'buku lililonse kuti mwana wolakwa amasiya kukhala mwana, kapena kuti khomo la mzikiti limatsekedwa kwa wochimwa. Tikadatseka, safu yoyamba ikadatsala ndi anthu angati? Mwana amene mwamupirikitsa sapita kumwamba kukalapa; amapita kwa aliyense amene amutsegulire chitseko, ndipo mawu anu sadzawamvanso. Tidawachenjezanso za njira imene mabanja ambiri amathamangira, yomufunira mkazi msangamsanga kuti anthu atseke pakamwa. Mkaziyo nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo kumulowetsa m'banja mwachinyengo ndi kumulakwira.

Bambo aja sadafewebe mpaka lero, koma ufa umafika mwezi ndi mwezi pa basi ya ku Mangochi.

Anyamata anayi aja tidawakhazika pansi ndi kuwapatsa Surat Al-Hujurat kuti aloweze pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi m'Chiyao. Atatu adamaliza ndipo adapepesa. Wachinayi bambo ake adabwera kudzatifunsa ngati madrasa yathu yayamba kuikira kumbuyo zachilendo, ndipo tidakhala nawo pakhonde mpaka adhana ya Maghrib, Qur'an ili pakati pathu. Adachoka osakhutira kwenikweni, komabe mwana wawo sadamuchotse.

Mwana wonyozedwa uja adajomba masiku atatu. Tsiku lachinayi adabwera ndi amalume ake, amene adatiuza kuti dzina lija lafika kale ku sukulu ya pulaimale, ndipo akuganiza zomubweza ku Makanjira teremu ikatha. Tidawapempha kuti adikire pang'ono, popeza mwanayo watsala ndi masura atatu okha kuti amalize Juzu Amma, ndipo m'kalasi lonse palibe amene amawerenga mokoma ngati iye. Amalumewo adati akaganiza kaye. Mandasi adasiya kukazinga.